Nyali Yofiira pa Bokosi la Mapasa

Lolemba, 6 Okutobala

Nyali yofiira. Ndangotsegula situdiyo m'mawa, chikwama chikadali paphewa, n'kuiona. Pa bokosi lakuda lija, pansi pa tebulo, lomwe timasungamo zonse zimene tajambula. Masiku onse nyali ziwiri zobiriwira. Lero yakumanzere yafiira, ndipo mkati mukumveka ke, ke, ke, ngati munthu akuwenga zikhadabo.

M'bokosimo muli madisiki awiri. Timawatcha mapasa. Chimene chalembedwa pa wina chimalembedwanso pa mnzake nthawi yomweyo, kuti wina akafa wina atsale nazo. Ndiye wakumanzere wafa. Tatsala ndi mmodzi.

Alamu, eni situdiyo, anafika cha m'ma 10. Anawerama, anasuzumira, n'kuseka. Akuti, "Ntchito ya mapasa ndi imeneyo, alamu. Wina akagona, wina amalondera." Achemwali anga anakwatiwa ndi munthu wabwino, koma mtima wake suthamanga ngakhale denga litayaka.

Ine sindinaseke. Ndinalipo tsiku limene tinawagula. Shopu imodzi, katoni imodzi, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Akhala akuzungulira limodzi, kutenthedwa limodzi, kumeza fumbi limodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zotsatsa malonda, makwaya, nyimbo za achinyamata, zonsezo zitatayika tingalire n'kujambulanso. Koma muli nyimbo khumi ndi ziwiri za Agitala, woimba wachikulire uja. Tinajambula kuyambira Febuluwale mpaka Epulo. Mu Meyi anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mawu anapita. Nyimbozo sindinamalize kuzisakaniza, ndipo kulibe kwina kumene zili.

Chaka chonse ndakhala ndikunena za bakapu, zoti tizikopera zonse pena padera, alamu akati mapasa alipo, ine n'kungoti chabwino. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Dzino lakumapeto layambanso kuwawa.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Kwa Mawaya, wokonza makompyuta, m'mawa. Shopu yake n'kakang'ono, makompyuta akufa mpaka kudenga, iye pakati ndi galasi lokulitsira zinthu pamphumi. Ndinamufotokozera zonse. Sanadzutse mutu mpaka nditanena kuti tinawagula tsiku limodzi.

Akuti, "Achemwali, mapasa si nkhokwe. Onse amagona chipinda chimodzi. Moto ukabwera, mbala ikabwera, inu mukafufuta chinthu mwangozi, onse amavomera limodzi."

Wandiuza zitatu, ndazilemba kuseri kwa envulopu:
Osazimitsa bokosi.
Osajambulirapo china chilichonse.
Osaikamo disiki yatsopano ndisanakopere zofunika pa disiki yapadera.

Chachitatucho wabwereza kawiri. Akuti ukaikamo yatsopano, bokosi limakakamiza wotsalayo kuwerenga zonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, osapuma, kuti adzaze mnzake watsopanoyo. Okalamba ambiri amafera pamenepo.

Disiki yapadera ndili nayo yanga, kaja kabuluu. Ndafufuta mafilimu onse, bambo akunyumba adzandimva bwino. Koma n'kakang'ono. Simungalowe ngakhale theka la za m'bokosi. Mawaya akuti, "Zofunika poyamba."

Ndayamba 2 koloko. Nyimbo ya nambala 1. Nyimbo iliyonse ili ndi foda yake, ndipo mkati muli mafoda awiri: Zabwino ndi Zotaya. Mu Zotaya ndi momwe ndimaponya zolakwika, zoyamba n'kusiya, kutsokomola, nkhani. Agitala anali wolongolola. Asanaimbe mzere umodzi ayambe akufotokozera za basi imene inawasiya zaka makumi atatu zapitazo. Ine maiki sindinkazimitsa. Zotaya n'zazikulu kakhumi kuposa Zabwino.

Ndakopera foda yonse, ndi Zotaya zomwe. Ndilibe mtima wosiya.

Pofika 6 koloko, nyimbo ziwiri. Ikuyenda ngati ng'ombe yotopa. Nthawi zina imaima, kufuna kuti ndidine kuti iyesenso, ndiye sindingaisiye yokha. Ndatseka, bokosi ndalisiya loyaka. Potuluka ndinalisisita pamwamba. Misala.

Lachitatu, 8 Okutobala

Kutentha. Ndabweretsa fani yakunyumba, ndaiika pansi kuti izipemerera bokosi. Ine thukuta lili kamukamu, bokosi likupumira mphepo ngati bwana.

Nambala 3, nambala 4. Nyali yakumanja ikadali yobiriwira. Ndimaiyang'ana mpaka ndikatsinzina ndimaionabe.

Alamu abwera ndi anyamata a sopo, aja a zotsatsa za pawailesi. Akufuna kujambula lero. Ndakana. Ndawauza kuti tijambulire pa laputopu, bokosi osalikhudza. Alamu nkhope ili ndwii pamaso pa makasitomala. Atapita anthuwo akuti, "Situdiyo yanga yasanduka chipatala, inu namwino." Ndangoti zoona.

Akutinso ndiyambe kukopera za makasitomala, a sopo ndi kwaya ija ikufuna zake Loweruka. Za Agitala palibe akuzithamangira. Ndinati inde, ndiyamba posachedwa. Atatembenuka ndadina nambala 5.

Masana kunabwera mayi, akazi a Agitala. Sindinawayembekezere. Ambulera m'manja, nsapato zafumbi, aonda. Anakhala pa mpando uja amuna awo ankakhalapo, osadziwa. Akuti bambo tsopano amatha kukhala tsonga, amadya okha ndi dzanja lamanzere, koma mawu ndiye zii. Miyezi isanu. Adokotala awauza kuti azimvera nyimbo, makamaka zawo zomwe, mwina china chake chingadzuke.

"Mwana wanga, sindikukufulumizitsa. Ngakhale zosasalaza bwino, bola amve."

Ndinati zonse zili bwino, sabata yamawa ndibweretsa. Ndikunena choncho fani ili pamapazi awo, ikupemerera bokosi la nyali yofiira. Anafunsa kuti fani ili pansi bwanji. Ndinati mapazi anga amatentha.

Bodza kwa munthu wamkulu.

Nambala 6 yatha 6 koloko itadutsa. Theka. Zisanu ndi imodzi zili mu kabuluu, ndipo zimenezo ndiye zanga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndinalota bokosi likundiitana ndi dzina limene Agitala anandipatsa, Kamakutu, chifukwa cha mahedifoni osachoka kumutu.

7 ndi 8 zadutsa bwino. Pa 9 inaima. Mphindi makumi anayi pa fayilo imodzi, kamzere koonetsa pamene yafika kosasuntha. Kenako ke. Kamodzi kokha. Kuchokera kumanja.

Ndinazimitsa fani kuti ndimvetsere. Phee. Ndinagwada, khutu pa bokosi. Phee. Mwina ndi dzino, likagunda limamveka mpaka m'khutu. Ndinaimbira Mawaya. Akuti ngati walira kamodzi aliranso, ndifulumire, nditenge zofunika zokhazokha. Ndinati ndikutero kumene.

Sindinamuuze za Zotaya. Ndinadziwa chimene anganene. Ndinaganiza kuti zatsala zitatu zokha, mawa zitha.

Fayilo ija inadutsa. Inali ya mu Zotaya, mphindi makumi awiri za Agitala akukonza nsambo ya gitala.

10 yatha madzulo. Zatsala 11 ndi 12.

Ya 12 ndi ija anailembera mayi. Anaijambula tsiku lomaliza, kamodzi kokha n'kukhoza, chinthu chimene sanachitepo. Atamaliza akuti, "Iyi usaikhudze kwambiri, Kamakutu. Isiye ndi makwinya ake." Anandilumbiritsa kuti mayi asadziwe mpaka chimbale chituluke.

Bwenzi nditayamba ndi imeneyo. Koma ine munthu wa ndondomeko, 1, 2, 3, ngati mwana wa sukulu.

Tsaya latupa. Mawa 8 koloko kwa dokotala wa mano, sindingathenso kuzengereza, lero ndalephera ngakhale kutafuna buledi. Ndamata pepala pa bokosi ndi selotepi, zilembo zikuluzikulu: OSAKHUDZA. NDIBWERA 10 KOLOKO. Alamu ndawauza pakamwa. Anali pafoni, anagwedeza mutu.

Lachisanu, 10 Okutobala

Ndilembe mwadongosolo, mwina mutu ukhala pansi.

Kwa dokotala mzere. Ndinalowa 10 koloko, dzino linakana kutuluka, linasweka pawiri. Ndinafika ku situdiyo 12 itadutsa, thonje m'kamwa, mlomo wakufa mbali imodzi.

Alamu pakhomo, akumwetulira mpaka m'makutu. Akuti ali ndi nkhani yabwino. Anaona mmene ndavutikira sabata yonse, ndinawamvetsa chisoni, ndiye m'mawa apita okha m'tauni kukagula disiki yatsopano. Wogulitsa anawauza kuti n'zosavuta, kungosolola yakufayo n'kulowetsa yatsopano, bokosi lichita lokha zonse. "Onani, alamu, yofiira ija yazima. Mapasa abwerera. Mukapume."

Pepala langa analimatula bwinobwino n'kuliika pa tebulo kuti lisang'ambike.

Nyali yakumanzere yachikasu, ikuphethira. Yakumanja yobiriwira, ikuphethira mofulumira ngati yapenga. Pa kompyuta: 31 peresenti. Wokalamba uja akuwerenga zonse, kuyambira 9 koloko, osapuma.

Ndinafuna kukuwa. Thonje. Ndinangotulutsa mawu ngati a mbuzi, malovu a magazi pa bulauzi. Alamu kumwetulira kunawathera pang'onopang'ono. Mlandu ndi wanganso: ndinawauza kuti asakhudze, koma sindinawauze chifukwa chake. Envulopu ya Mawaya inali m'chikwama mwanga masiku onsewa.

Ndinamulembera Mawaya uthenga poti kuyankhula sindikanatha. Anayankha kuti kuimitsa pano n'koopsanso, ndingotola chimene ndingathe, pompano, Zabwino zokha.

Nambala 11, Zabwino zokha. Mphindi makumi atatu ndi zisanu, yatha. Mphindi makumi atatu ndi zisanu! Ndinawerengera pamtima. Ndikanatero kuyambira Lachiwiri, zonse khumi ndi ziwiri zikanatha Lachitatu masana, mayi asanafike n'komwe.

Nambala 12. Ndinadina. Kamzere kanayamba. Alamu ataima kumbuyo kwanga, manja ali m'khosi, osapuma mokweza. Kamzere kanafika pang'ono, n'kuima. Ke. Ke. Ke, ke, ke.

Zonse ziwiri zofiira. 2:20.

Fani inapitirizabe kupemerera.

Loweruka, 11 Okutobala

Tinanyamula bokosi awiri, ine ndi alamu, ngati maliro. Mawaya anayesa tsiku lonse. Wakumanja sakuzungulira n'komwe. Wakumanzere wakale uja, alamu anali atamuponya m'basiketi ya zinyalala, tinakamutola, nayenso ke, ke basi. Watsopanoyo ali ndi zidutswa zosalumikizika. Mu kabuluu, foda ya 12 ilipo, dzina lokha. Ukatsegula mulibe kanthu komveka.

Mawaya akuti kunja kuli anthu amene amatsegula madisiki m'chipinda chopanda fumbi, koma mmene yaliramu mkati mwakandika, asatinamize.

Pobwerera, pa geti, alamu akuti, "Ndimafuna ndikuthandizeni." Ndinati ndikudziwa. Ndikudziwadi, ndiye chikundipweteka n'chimenecho, ndilibe woti ndimukwiyire bwinobwino. Ndikawayang'ana ndimaona dzanja lawo likusolola disiki. Ndikadziyang'ana ndimaona masiku atatu amene ndinataya pokopera kutsokomola. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

A kwaya anabwera kudzatenga zawo. Alamu anatuluka kukakumana nawo okha, anatseka chitseko kuti ndisamve.

Lachitatu, 15 Okutobala

Sindinalembe. Panalibe cholemba.

Kabuluu ndakakopera pa disiki yatsopano ija, komanso pa laputopu ya bambo akunyumba. Atatu, nyumba ziwiri. Tsopano ndachenjera, nzeru zobwera mvula itakata.

A sopo ajambulanso, sanadandaule kwambiri. A kwaya apita ku situdiyo ina. Achemwali anaimba foni, akuti alamu sakudya, ndiwayankhule. Ndiwayankhula. Osati lero.

Mayi anaimba kawiri dzulo. Ndinaiyang'ana foni mpaka inasiya kulira.

Ndayesa kukumbukira nyimbo ya 12. Ndinaimva kamodzi pojambula, kamodzi poona ngati yalowa. Chiyambi ndikuchidziwa, mawu ochepa. Kwinako mbuu. Ine amene ntchito yanga ndi makutu.

Kuyambira Lolemba ndikumvetsera Zotaya. Sindikudziwa chimene ndikufuna. Mwina chilango. Maola ndi maola a Agitala akuseka, akutukwana nsambo, akufunsa ngati tiyi alipo, akundiuza kuti ndidzakalamba ndi makutu ophwatalala. Dzulo ndinapezeka ndikuwayankha mokweza, ndekha m'chipinda.

Bala la dzino lapola. Lilime limangopitako.

Lachisanu, 17 Okutobala

Zotaya za nambala 4, fayilo yachisanu ndi chiwiri, pafupi ndi kumapeto. Tsiku limenelo ndinatuluka kukasaka batire, n'kubwerera mahedifoni ali m'khosi. Zimene ankanena m'chipinda choimbira sindinazimve, ndipo fayiloyi sindinaimvetserepo.

Mawu awo, pafupi ndi maiki: "Kamakutu, chazima chimenechi? Tamva iyi, sinathe. Ya mayi akunyumba. Asadziwe, akangodziwa ayamba kunyada."

Kenako gitala. Kenako akuimba. Ndi iyo, ya 12.

Masekondi makumi asanu ndi awiri. Vesi yoyamba yonse, ndi mzere umodzi wa kolasi. Kenako akutsokomola, akuti "dikira", ndipo dzanja langa lomwe likudina batani. Zii.

Ndamvera kakhumi. Ndalira mpaka thovu la mahedifoni lanyowa. Sindikudziwa ngati ndikulira chifukwa yapezeka kapena chifukwa ndi yochepa chonchi. Kabuluu kakanadzaza Zabwino zokha, nyimbo yonse ikanakhalapo. Kadzaza Zotaya, ndatsala ndi kachidutswa. Ndawerengera uku ndi uku, sizikundipepukira.

Ndawaitana alamu kuti amve. Anavala mahedifoni, anatembenukira kukhoma. Atavula akuti, "Lamlungu ndikuperekezani kwa Agitala. Zoti ndinasolola ndine ndikanena ndekha."

Ndawaimbira mayi. Ndati tibwera Lamlungu masana, ndipo pali zoti ndiwauze.

Lamlungu, 19 Okutobala

Nyumba yawo yaing'ono, yoyera bwino. Pabalaza anachotsa tebulo kuti mpando wamawilo uzitha kutembenuka. Agitala pafupi ndi zenera, ometedwa bwino, thaulo paphewa. Atandiona anakweza dzanja lamanzere n'kudzigwira khutu. Kamakutu. Ndinagwada pambali pawo.

Alamu ananena zawo, chipewa m'manja. Ine ndinanena zanga, ndi bodza la fani lomwe. Khumi ndi imodzi zilipo. Imodzi tataya, ndipo siibwerera. Ndinawapempha Agitala kuti andikhululukire kawiri, poti ndataya nyimbo, komanso poti ndiulula chinsinsi. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatseka maso n'kutsegula.

Ndinalumikiza kasipika. Sindinayambe ndi nambala 1.

"Kamakutu, chazima chimenechi?"

Mayi anali ataima ndi thireyi ya makapu. Anaiika pansi, pasimenti penipeni. Ndinali nditaiwala. Ine ndakhala ndikumva mawu amenewa sabata yonse, iwo miyezi isanu sanawamve.

Pa "akangodziwa ayamba kunyada" anaseka, misozi ili chuchuchu. Nyimbo inayamba, inafika pa kutsokomola, "dikira", zii. Ndinati ndi pomwepa, mayi, kwinako ndi kumene tataya.

Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu. Akuti, "Asadziwe ndani? Miyezi itatu akuimba kubafa m'mawa uliwonse, ine ndikusita malaya awo kuseri kwa chitseko. Ankayesa chitseko chimenecho n'chakonkire?"

Ndipo anayambira pamene yathera. Mawu aang'ono, onjenjemera, osaphunzira kuimba. Kolasi yonse. Vesi yachiwiri yonse. Ine kakasi, foni ili m'chikwama. Kamakutu wosazimitsa maiki, lero sanayatse. Alamu ndi amene anandigunda ndi chigongono.

Ndinapempha kuti abwereze. Anabwereza, foni ili pa bondo langa ikujambula. Pamenepo ndi pomwe ndinaona dzanja lamanzere la Agitala pa chogwirira cha mpando. Zala zikusuntha, kudina, kusintha, kudina, pa nsambo zimene palibe. Sizinaphonye.

Vesi yachitatu mayi anaima. Akuti imeneyo sanaimvepo bwino, bambo ankafika pamenepo akudzithira madzi kumutu. Akudziwa kaimbidwe kokha, mawu ayi.

Agitala anagogoda mpando kawiri. Tonse tinatembenuka. Pakamwa pakuyesa, mbali imodzi ikukana, mitsempha ya m'khosi ili njo. Mayi anafuna kuwapukuta, anawakankha dzanja. Mayi anayamba kung'ung'udza kaimbidwe kaja pansipansi, kubwereza, kubwereza.

Sindinazimitse.

Ndafika kunyumba, ndisanavule nsapato, ndakopera pa kabuluu ndi pa laputopu, ina ndatumizira alamu. Mawa ndikasiya ina kwa mayi, ndipita ndi maiki yeniyeni.

Ndamvera tsopano ndi mahedifoni. Mphindi zinayi za mayi akuimba ndi kung'ung'udza, mpweya, mpando ukulira, galimoto ikudutsa panja. Kenako, pa 4:11, liwu limodzi. Lokhota, lolemera. Ndabwereza kasanu, sindikutha kudziwa kuti ndi liwu lanji.

Ndaika mu Zabwino.